CHIBOLIBOLI AI, BUKU INDE

Abale athu a pa ulendo, inu a ku Mbare ndi ku Makokoba, inu a ku Matero ndi ku migodi ya Kitwe, inu a ku Joni ndi ku Durban, ndi inu nonse amene makolo anu anadzera ku Francistown pa ndege za Wenela, tamvani mlandu uwu.

M'chaka cha 2018 amisiri anayamba kumanga tsinde pa Ginnery Corner mu Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuti aimikepo chiboliboli cha Mohandas Gandhi, mtsogoleri wa ufulu wa dziko la India. Boma la India linali litalonjeza kumanga nyumba yaikuru ya misonkhano mu mzindawo, ya madola 10 miliyoni, ndipo chibolibolicho chinali ngati kuombera m'manja kwa wolandira mphatso. Anyamata ndi atsikana ena anakana. Anasonkhanitsa maina oposa 3,000, napita ku khoti lalikuru, ndipo pa 31 October chaka chomwecho woweruza analetsa nchitoyo. Mu December a ku University of Ghana anagwetsa chao chimene chinaimikidwa mu 2016.

Kuyambira pamenepo anthu agawikana pawiri. Ena ati Gandhi anali woyera mtima, ndipo womunena ndi mwana wopanda mwambo. Ena ati Gandhi ananyoza anthu akuda, chotero atayidwe kudzala pamodzi ndi zache zonse. Ife tikana mbali zonse ziwiri. Chiboliboli sitichifuna, ndipo anawo anachita bwino kuchiletsa. Koma munthu ameneyu anasiya buku la moyo wache, ndipo ife tinena kuti wogwira nchito kutali ndi kwao aliwerenge bukulo, maso ali tcheru, monga awerengera pepala la pangano asanadindepo chala. Muli chida m'menemo, mulinso msampha, ndipo zonse ziwiri zikhudza ife koposa anthu ena onse.

Gandhi analilemba m'Chigujarati, chinenero cha kwao, mutu umodzi sabata ndi sabata m'nyuzipepala yache ya Navajivan, kuyambira 1925 kufikira 1929. Mlembi wache Mahadev Desai analimasulira m'Chingerezi, ndipo dzina lache ndi The Story of My Experiments with Truth, ndiko kunena kuti mbiri ya kuyesayesa kwache kutsata choonadi. Liri ndi magawo 5, ndipo nkhani ilekeza cha mu 1921, kutatsala zaka 26 kuti India adzilamulire. Taonani choyamba ichi: munthu wophunzira malamulo ku London analembera anthu a kwao m'chinenero cha amai ache. Atsogoleri athu angati anatichitira chotero? Sitinena kuti tsamba liri lonse liri ndi phindu. Mitu yambiri ikamba za zakudya, za mkaka wa mbuzi, za kuchiza matenda ndi dothi, za kudziletsa m'banja. Munthu woweruka dzuwa litalowa angathe kuilumpha, palibe adzamfunsa.

Koma Gandhi nayenso anali wa pa ulendo. Anafika ku Durban mu 1893, ali ndi zaka 23, loya amene nchito inamkanika ku Bombay, atalembedwa ndi sitolo ya Dada Abdulla kwa chaka chimodzi pa mapaundi 105. Anapita chaka chimodzi nakhala zaka 21, kupatula maulendo afupiafupi a kumudzi. Kwathu munthu wotere timati mtchona.

Nkhani yodziwika ndi ya sitima: usiku wa pa 7 June 1893 anamtsitsa pa Pietermaritzburg chifukwa anakana kuchoka m'chipinda cha Azungu, ali ndi tikiti yache. Okonda chiboliboli aikonda nkhaniyi, aibwereza chaka ndi chaka. Ife tiipitirira msanga. Makolo athu sanatsitsidwe m'chipinda choyamba, pakuti sanalowemo ndi kale lomwe. Anakwera mbombela, atapanikizana ngati matumba a chimanga. Mutu wathu uli patsogolo pang'ono, gawo lachiwiri mutu 20, ndipo uli ndi dzina la munthu wamba: Balasundaram.

Kuyambira 1860 kufikira 1911 Azungu a ku Natal anatenga anthu oposa 150,000 ku India kudzalima nzimbe pa pangano la zaka 5. Amwenyewo analephera kutchula mau a Chingerezi a panganolo, nalitcha girmit, monga makolo athu anatcha lao chibalo. Wa pangano akathawa bwana wache amaikidwa m'ndende. Tsono tsiku lina mu 1894 munthu wa mtundu wa Tamil anaimirira m'ofesi ya Gandhi, zobvala zong'ambika, mano awiri akutsogolo atathyoka, magazi ali chuchuchu mkamwa, ali kunjenjemera. Bwana wache ndiye anammenya. Ndipo m'kupweteka konseko anakumbukabe kubvula nsalu ya kumutu naigwira m'manja, chifukwa anamphunzitsa kuti pamaso pa wamkuru sabvala kumutu. Ndani wa ife sadziwa chipewa chimenecho? Agogo athu anachibvula kwa Mzungu ali yense wodutsa pa njira ya ku Zomba, ndipo ena a ife tikali kuchibvula mumtima tikaima pa geti la bwana ku Sandton.

Taonani chimene Gandhi anachita, pakuti chida chiri pamenepo. Sanalire naye chabe. Anamtumiza kwa dokotala kuti akatenge kalata yonena mabala ache. Anamtengera kwa woweruza tsiku lomwelo, nalembetsa mau olumbira. Anafufuza lamulo napeza kuti wa pangano angathe kusamutsidwa kwa bwana wina, ndipo anayendayenda kufikira zinatheka. Kalata ya dokotala, mboni, tsiku, dzina. Mbiri inawanda m'minda ya nzimbe, ndipo a pangano anayamba kufika pa khomo lache mwa unyinji. Mnzanu akamenyedwa pa famu, kapena akamanidwa malipiro a miyezi itatu chifukwa alibe mapepala, ife timachita chiani? Tidandaula m'chipinda usiku, m'mawa tibwerera ku nchito. Palibe wolemba tsiku, palibe wosunga kalata ya kuchipatala, palibe mboni. Bwana adziwa kuti kulira kosalembedwa kuuma ngati mame.

Chinanso chiri m'mutu womwewo, ndipo Gandhi abvomera yekha. Chipani chache cha Natal Indian Congress, chimene chinayamba mu August 1894, sichinali cha anthu onga Balasundaram. Chopereka cha membala chinali masheleni 5 pa mwezi, ndiwo mapaundi 3 pa chaka. Chinali chipani cha eni masitolo ndi akalaliki. Tsono mu 1895 boma la Natal linaika msonkho wa mapaundi 3 pa chaka pa munthu ali yense womaliza pangano amene akana kubwerera kwao kapena kudindanso chala. Poyamba linafuna mapaundi 25. Bukulo liwerengera chotere: banja la anthu anai, bambo, mai, mnyamata wa zaka 16 ndi mtsikana wa zaka 13, lilipire mapaundi 12 pa chaka, pamene bamboyo alandira masheleni osaposa 14 pa mwezi. Werengerani nokha. Masheleni 14 kwa miyezi 12 ndiwo mapaundi 8 ndi masheleni 8. Msonkho unaposa malipiro a chaka chathunthu. Sunali msonkho wofuna ndalama ai, unali chingwe chokokera munthu ku munda wa nzimbe, monga msonkho wa nyumba unakokera amuna a kwathu ku Harare ndi ku Joni.

Akongeresi a Gandhi analemba makalata odandaula. Anatumiza nthumwi ku London. Anasindikiza nyuzipepala. Msonkho unakhala chikhalire zaka 18. Unagwa liti? Mu October 1913 okumba malasha a ku Newcastle anaika pansi zipangizo. Pa 6 November anthu oposa 2,000, amuna, akazi ndi ana, anaoloka malire a Transvaal pa Volksrust popanda chilolezo, kuti boma liwamange onse ngati lifuna. Odula nzimbe a m'mbali mwa nyanja anatsatira, ena anaomberedwa nafa. Mu 1914 msonkho unafafanizidwa. Chimene maloya ndi eni masitolo analephera pa zaka 18, anthu opanda nsapato anachichita pa miyezi yowerengeka. Nkhaniyi yonse iri m'buku lache lina la Satyagraha in South Africa, koma muzu wache uli m'mitu iwiri imene tanenayi.

Ife tinaona mbali yina ya phunziro lomweli. Mu March 1953 Harry Nkumbula anatentha pepala la Chitaganya pamaso pa anthu ku Lusaka, naitana masiku awiri a mapemphero mu April kuti anthu onse asapite ku nchito. Bungwe la a m'migodi la Lawrence Katilungu silinatsatire. Migodi inayenda, sitima zinayenda, ndipo Chitaganya chinakhazikitsidwa chaka chomwecho, nichikhala kufikira pa 31 December 1963. Atsogoleri angalankhule mpaka mau atasasa. Mkono wogwira fosholo ukapanda kuima, palibe chiima. Mkonowo ndi wanu. Chifukwa chache tikana kuti buku ili likhale la ophunzira okha.

Za ndalama tinenepo pang'ono, pakuti mabungwe athu a maliro afa ndi nthenda imeneyi chaka ndi chaka. Gandhi anaumirira kuti wopereka ali yense alandire lisiti, ngakhale iye mwini alikana, ndi kuti khobiri liri lonse lilembedwe m'buku. Anakana kuyendetsa nchito ya gulu ndi ngongole. Mu 1901, pofuna kubwerera ku India, anthu anampatsa mphatso za golide ndi miyala ya mtengo wapatali, ndi mkanda wa mkazi wache Kasturba. Usiku wonse sanagone. M'mawa anati zonse zibwezedwe zikhale chuma cha gulu. Mkaziyo anakana ndi misozi, nakumbutsa mwamuna wache kuti iyenso anagwirira nchito alendo ache usana ndi usiku, ndipo ife tiganiza kuti maiyo anali ndi mfundo, pakuti Gandhi anali wouma mtima pa nyumba yache, monga bukulo lionetsa m'malo ambiri. Koma mphatsozo zinapita ku banki m'dzina la gulu. Msungichuma wa bungwe lanu mumwerengere mutu umenewu mokweza, gawo lachitatu mutu 12, ndipo muyang'ane nkhope yache.

Tsopano tifike pa msampha, ndipo okonda chiboliboli akhale pansi amve.

Munthu anakhala zaka 21 m'dziko la Azulu, Axhosa ndi Asotho. Mu 1904 anamanga mudzi wache wa Phoenix pafupi ndi Inanda, moyandikana ndi sukulu ya Ohlange ya John Dube, yemwe mu 1912 anakhala pulezidenti woyamba wa chipani chimene lero chichedwa ANC. Werengani mitu ya Phoenix: mupezamo maina a Azungu abwenzi ache, West ndi Polak, mupezamo makina osindikizira ndi njoka za m'udzu. Dube simumpeza. Eni dziko aonekera bwino m'malo amodzi, gawo lachinai mutu 24, ndipo aonekera ali gone, opanda maina.

Mutu umenewo ndi wa nkhondo ya Bambatha ya 1906. Boma la Natal linaika msonkho wa paundi imodzi pa mwamuna ali yense, Azulu anakana, ndipo asilikari anapha anthu oposa 3,000. Gandhi, munthu wodana ndi msonkho wa mapaundi 3 pa anthu a kwao, analembera boma kudzipereka. Anabvala yunifolomu ya Mfumu ya ku Mangalande, napatsidwa udindo wa sajeni meja, natsogolera kagulu ka Amwenye onyamula machila. M'bukumo anena kuti mtima wache unali ndi Azulu, kuti sinali nkhondo koma kusaka anthu, ndi kuti anatsuka mabala a chikoti amene Azungu anakana kuwakhudza. Tibvomera kuti anatsuka. Koma anapitiranji? Anena yekha: panthawiyo anakhulupirira kuti ufumu wa Angerezi unali wokomera dziko lonse. Chimene anafuna chinali kuonetsa Mzungu kuti Mmwenye ndi mwana wokhulupirika wa ufumuwo, woyenera mpando woposa wa munthu wakuda.

Ndipo pali zimene bukulo silinena, koma ziri m'makalata ndi m'zolankhula zache zimene boma la India lomwe linasonkhanitsa m'mabuku 100. Mu 1895 chipani chache chinanyadira kuti pa positi ofesi ya Durban Amwenye apatsidwa khomo laolao, asalowenso limodzi ndi anthu akuda. Mu 1896 ku Bombay anauza msonkhano kuti Azungu afuna kutsitsa Amwenye kuti alingane ndi anthu akuda, amene anawatcha ndi dzina lachipongwe lija, nawanena kuti ndi aulesi. Mu 1904 analembera dokotala wamkuru wa Johannesburg kudandaula kuti akuda asakanizidwa ndi Amwenye m'komboni imodzi. Mu 1908 anadandaula kuti m'ndende amgoneka pamodzi ndi akuda. Chaka chomwecho, pa 16 August, anthu ache anatentha zitupa zoposa 2,000 mu mphika wachitsulo pa mzikiti wa Hamidia, pamene munthu wakuda ali yense wodutsa pa msewu womwewo anali ndi chitupa m'thumba, ndipo za chitupa chimenecho sanapange msonkhano. Ashwin Desai ndi Goolam Vahed, Amwenye a ku South Africa komweko, anaziika poyera zonsezi m'buku lao la 2015. Munthu amene analemba m'buku lache ngakhale za ndalama zimene anaba ali mwana kuti agule fodya, sanapeze tsamba limodzi lolapa mau awa. Tchimo laling'ono analiulula, lalikuru analisiya pansi pa mphasa.

Omteteza ati anali mnyamata, anasintha pokula. Zoona, anasintha, mau achipongwe anawaleka, ndipo atakalamba ananena poyera kuti dziko la South Africa ndi la anthu akuda olandidwa cholowa chao. Koma mu 1939 mbusa S. S. Tema atamfunsa ngati Amwenye ndi akuda angamenye nkhondo yao pamodzi, Gandhi wa zaka 69 anati kutero kungakhale kulakwa. Amene anaoloka mtsinjewo ndi ana ache a m'ndale, Yusuf Dadoo ndi Monty Naicker, pamene anasainirana pangano ndi A. B. Xuma wa ANC mu March 1947, ndipo mu 1952 anthu oposa 8,000 a mitundu yonse analowa m'ndende pamodzi pokana malamulo a tsankho.

Tsono msampha ndi uwu, ndipo sunatchedwere Mmwenye yekha. Atsamunda anamanga makwerero: Mzungu pamwamba, Mmwenye ndi Mkaladi pakati, wakuda pansi, ndipo wa pansiyo anamgawanso, mwini dziko ndi mlendo, kalaliki ndi wa fosholo. Ali yense anauzidwa kuti asayang'ane kumwamba, ayang'ane wa pansi pache ndi kuthokoza. Gandhi wa zaka zoyamba sanafune kuthyola makwererowo. Anafuna kukwera sitepe imodzi. Kodi ife tiri oyera pa mlandu umenewu? Mnyasa ankatamandidwa ku Southern Rhodesia ndi ku Joni kuti ndi womvera, wodziwa kulemba, woyenera ukapitao, ukhukhi ndi upolisi wa m'komboni. Ena a makolo athu anakondwa nako kutamandidwako. Lero lomwe mnyamata wofuna nchito ya m'munda ku Cape Town alemba pa kapepala kuti ndi Mmalawi, podziwa kuti bwana amva kuti ndi wofatsa, wosadandaula, wosalowa bungwe, wolandira chiri chonse. Timati ife sitiri ngati eni dziko aulesi, sitiri ngati a ku Zimbabwe, sitiri ngati a ku Nigeria. Amenewo ndi mau a Gandhi a mu 1896, atangobvala malaya ena. Ndipo malipiro a sitepe imeneyo tawaona. Mu January 1949 ku Durban akuda ndi Amwenye anaphana, nafa anthu 142, wa pamwamba ali kuonerera. Mu May 2008 ku South Africa anafa anthu 62, ndipo ogwira zikwanje sanafunse ngati mlendoyo ndi wofatsa. Ku Zimbabwe lamulo la 2001 linasandutsa alendo ana obadwira ku Mbare ndi m'mafamu, amene agogo ao anamanga njanji ya dzikolo, kufikira malamulo atsopano a 2013 anawabwezera umbadwa wao. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kwa iwo amene ati bukulo litayidwe tiyankha ndi maina a anthu athu. Dunduzu Chisiza wa ku Karonga anali wa pa ulendo monga inu. Anagwira nchito ya ukalaliki ndi kumasulira m'ofesi ya boma la India ku Salisbury, ndipo mu 1955 iye ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole anayambitsa City Youth League, gulu limene mu September 1956 linauza anthu a ku Harare kuti aleke kukwera mabasi okwera mtengo. Mnyasa ndi eni dziko m'gulu limodzi! Boma linaona kuopsa kwache, nilimpitikitsa chaka chomwecho. Simon Kapwepwe anaphunzira ku India kuyambira 1950 kufikira 1955. Kenneth Kaunda anawerenga zolemba za Gandhi, napita ku India mu 1958, ndipo sanabise kuti njira yokana popanda chida anaiphunzira kumeneko. Anthu a ku Lusaka anaigwiritsa nchito poleka kugula nyama m'mabutchala amene ankagulitsa wakuda pa kazenera ka kumbali. Mu 1953 Inkosi Gomani Philip wa ku Ncheu anauza anthu ache kuti asamvere malamulo a boma a malimidwe, posonyeza kukana Chitaganya, ndipo amene anaima naye apolisi atafika pa Lizulu ndi mbusa Michael Scott, yemwe mu 1946 anamangidwa ku Durban pamodzi ndi Amwenye okana lamulo la malo. Anthu awa sanali opusa, ndipo sanagwadire munthu. Anaona khasu labwino m'manja mwa mlendo, nalitenga nalimira munda wao. Ngakhale dzina lija la Kongeresi, limene makolo athu anapatsa chipani chao mu 1944, linayamba kumveka ku India mu 1885.

Khasulo liri ndi polekezera, ndipo sitikubisirani. Pa 3 March 1959 anthu opanda mfuti anasonkhana pa doko la Nkhata Bay kufuna abale ao omangidwa m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikari anaombera. Lipoti la Devlin linawerenga akufa 20 pamenepo, ndi 51 m'dziko lonse. Bukunso la Gandhi linena za Amritsar, kumene pa 13 April 1919 asilikari anapha anthu 379 monga mwa chiwerengero cha boma, ndipo Amwenye ati anaposa apo. Wouza anthu kuti akane popanda chida awauzenso kuti ena sadzabwerera kunyumba. Gandhi anabvomera kuti mu 1919 anaitana anthu asanakonzeke, natcha kulakwako kwakukuru ngati mapiri a Himalaya. Mtsogoleri wa kwathu wobvomera kulakwa kwa msinkhu wa chulu chokha tikali kumfunafuna.

A ku Thyolo ndi ku Mulanje awerengenso gawo lachisanu, nkhani ya Champaran ya 1917. Kumeneko alimi anakakamizidwa ndi eni minda Achizungu kubzala mbeu ya utoto pa magawo 3 mwa magawo 20 a munda wao. Ndi thangata yemweyo, dzina lokha ndilo lina. Amene anakokera Gandhi kumeneko ndi mlimi wosauka, Rajkumar Shukla, amene anamtsata mzinda ndi mzinda osatopa. Ndipo chimene anachita atafika ndi chija cha Balasundaram: iye ndi anzache anakhala pansi nalemba umboni wa alimi zikwi ndi zikwi, mmodzi mmodzi, ali yense ndi chidindo cha chala chache. Mu 1918 lamulo linathetsa mchitidwewo. Thangata wathu anatha mu 1962, atapha anthu 11 m'chipolowe cha 1953.

Kwa boma la India ndi kwa akuluakulu a mzinda wa Blantyre tinena ichi. Msewu wa dzina la Gandhi ulimo kale mu Blantyre, ndipo mu 2020 munaimika chifanizo chache m'bwalo la ofesi yanu ku Lilongwe; pamenepo ndi panu, palibe mlandu. Koma ngati mufunadi kuti Amalawi amdziwe munthuyu, mtengo wa tsinde limodzi la simenti ungalipire womasulira ndi wosindikiza. Tipatseni bukulo m'Chichewa, lathunthu, ndipo kumapeto kwache muikemo mau a 1895, a 1896, a 1904 ndi a 1908, osachotsa ndi limodzi lomwe. Tidzaweruza tokha. Zolemba zache zinamasuka mu 2009, palibe wozilipiritsa, ndipo la Chingerezi lipezeka laulere pa intaneti kwa ali yense wokhala ndi foni.

Inu a pa ulendo musadikire boma. Pa msonkhano wa bungwe lanu la maliro, kapena mutaweruka ku tchalichi kapena ku mzikiti, wodziwa Chingerezi awerenge namasulire mitu 19, 20 ndi 21 ya gawo lachiwiri, ndi mutu 24 wa gawo lachinai. Mugule kope la masamba olimba, musankhe mlembi, muyambe kulemba dzina, tsiku ndi ndalama za ali yense womanidwa malipiro, kaya ndi Mmalawi, kaya ndi wa ku Tete, kaya ndi Mzulu wogona chipinda choyandikana ndi chanu. Mukatha mitu imeneyo mufunefune buku la mtchona wathu, Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU pa doko la Cape Town, naimitsa nchito pa dokopo mu December chaka chomwecho, akuda ndi Akaladi pamodzi. Anamwalira ku East London mu 1951, ndipo buku la moyo wache, My Life and the ICU, linasindikizidwa mu 1970.